Manda m'masewera a ana

M'masewera a Pokémon, omwe anatuluka ku Japan mu 1996, mwana amagwira tizilombo n'kumatimenyanitsa. Zonse zimakoma mpaka akafika ku Lavender Town. Kumeneko kuli nsanja ya manda, anthu akulira ziweto zawo, ndipo njira yatsekedwa ndi mzukwa wa Marowak, mayi amene anaphedwa ndi achifwamba a Team Rocket. Ana a mtunduwu, a Cubone, amavala chigaza cha amawo kumutu.

Kodi zoterezi n'zoyenera ana? Kholo likhoza kuda nkhawa ndi mzukwawo, koma chosautsa chenicheni chili pena. Mwana amazindikira kuti tizilombo timene wakhala akuunjika timafa ndipo timasiya amasiye, komanso kuti akupha aja amagwira tizilombo monga iye yemwe. Mzukwa wa mayiyu masewerawo salola kuti augwire.