Kodi Kucoka Pamudzi Ndi Kuthawa?

Anzanga acinyamata, caka ciliconse mayeso a Giredi 12 akatha, funso limodzi limalowa m'nyumba zambiri za m'boma la Chama, kuyambira kwa Mfumu Yaikulu Kambombo mpaka kwa Tembwe, kwa Chikwa ndi kwa Chifunda. Kodi mwana atsale pamudzi, kapena apite ku Chipata ndi ku Lusaka kukafuna nchito? Ena amati wocoka wataya makolo ake. Ena amati wotsala ndi wolephera. Tiyeni tiwayese mau onse awiriwa, tione ngati muli cilungamo.

Poyamba tivomereze kuti amene amacoka sacita dala. Chama ali kutali, m'cigwa ca Luangwa. Mseu wocokera ku Lundazi wasautsa anthu zaka zambiri, makamaka nthawi ya mvula. Njovu zimaononga minda, ndipo madzi akasefukira amakokolola mbeu. Mu 2011 boma la Chama linacotsedwa ku cigawo ca Kum'mawa ndi kuikidwa ku Muchinga, ndipo mu 2021 linabwezedwanso Kum'mawa. Koma kusintha kwa cigawo pakokha sikulemba munthu nchito. Conco mnyamata kapena mtsikana amene wapita kukafuna ndalama zophunzitsira abale ake ang'ono sitingamuweruze kuti ndi wothawa.

Komabe tauni si thanthwe lakuti munthu ayimepo mpaka kale. Agogo athu ambiri a ku Zambia anapita ku migodi ya ku Copperbelt. Mtengo wa mkuwa utagwa ca m'ma 1975, zinthu zinayamba kuvuta, ndipo pamene migodi inagulitsidwa kwa makampani m'zaka zofika 2000, anthu ambiri anacotsedwa nchito. Amene anali ndi kwao anabwerera. Amene anaiwala njira ya kumudzi anasowa kolowera. Ndi cifukwa cake akulu amati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mudzi ndi nkhokwe ya onse, ya otsala ndi ya ocoka omwe. Tonse tikacoka, ndani adzaisamala?

Ena angati mankhwala ake ndi kulamula acinyamata kuti abwerere kumunda. Zimenezi zinayesedwa kale. Mu 1975 boma la Kenneth Kaunda linatsegula malo ochedwa Rural Reconstruction Centres kuti acinyamata azilima kumidzi, koma ulendo wa kutauni sunaleke. Lamulo ndi malangizo sizisunga munthu pamudzi. Cimene cimamsunga ndi nchito yopatsa phindu.

Tsono nchitoyo ili kuti? Taganizani za mpunga wa ku Chama, umene fungo lake limadziwika mpaka ku Lusaka. Mlimi akaugulitsa wosapuntha kwa ogula obwera ndi thiraki, nchito yopuntha, yosankha, yoika m'mapaketi ndi yogulitsa imakacitikira kwina. Mnyamata wathu akakwera galimoto kupita kutauni, kwenikweni akutsatira nchito imene inacoka ndi mpunga wa amai ake.

Kuti nchito ingathe kusintha mtima wa munthu taona ndi maso. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 m'cigwa ca Luangwa, limagula mbeu kwa alimi ndi kugulitsa mpunga wa ku Chama, uci ndi ciponde m'masitolo ndi dzina lakuti It's Wild! Anthu ambiri amene kale anali kupha nyama mobisa anapereka mfuti ndi misampha yao atapeza msika wa zokolola. Munthu sapita kuthengo usiku cifukwa codana ndi nyama, koma cifukwa ana ali ndi njala.

Ndalama nazonso zinayamba kufika pafupi. Mu 2022 thumba la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, kuphatikizapo Chama North ndi Chama South. Zina mwa ndalamazo ndi zophunzitsira acinyamata nchito zamanja ndi zothandizira magulu a acinyamata ndi a amai. Apa ndi pamene khalidwe lathu liyesedwa. Gulu lopangidwa usiku umodzi kuti ligawane ndalama ndi kumwazikana likubera mudzi wake womwe. Ngongole yosabweza imatsekera khomo mng'ono wako.

Conco yankho lathu ndi ili: kucoka si kuthawa, ndipo kutsala si kulephera. Wothawa weniweni ndi amene waleka kumva kuti mudzi uli ndi mbali pa moyo wake, kaya ali ku Lusaka kaya ali pabwalo la mowa kwao komwe. Wocoka abweze kumudzi luso, msika ndi nzeru, osati ndalama za maliro zokha. Wotsala agwirizane ndi anzake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Acinyamata khumi akaika mpunga wao pamodzi amakambirana mtengo ndi wogula, pamene mmodzi amangolandira cimene wapatsidwa.

Nao mudzi uli ndi ngongole kwa ana ake. Makolo ndi mafumu apatse acinyamata malo olima, atsikana omwe, m'malo mowakwatitsa ali ang'ono. Tigule citseko kwa kalipentala wa m'mudzi mwathu, ndipo yunifomu tisokere kwa telala wathu. Ndiponso mnzathu akamanga nyumba ya malata ndi thukuta lake, tileke kumunong'oneza kuti ali ndi mankhwala. Nsanje yapitikitsa ana ambiri anzeru amene njala inalephera kuwacotsa.

Pamsonkhano wanu wa sabata ino, werengani zinthu zimene mudzi wanu umagula kutali ngakhale mungathe kuzipanga nokha. Sankhani cimodzi, ndipo mugwirizane amene adzayamba kuciphunzira mvula isanagwe.