PULANI IKASINTHA, MLANDU NGWAYANI?

Nyumba yaikulu iliyonse imayamba papepala. Katswiri wolemba mapulani amajambula maonekedwe ake, injiniya naŵerengera mphamvu za zitsulo ndi nsanamira. Pambuyo pake makontirakitala amapikisana potchula mitengo, ndipo mmodzi amapatsidwa ntchito. Koma nkhani sithera pamenepo ai. Ntchito ikayamba, pulani imasintha: mwina chitsulo china chasoŵa, mwina womanga wapeza njira yachidule, mwinanso mwini nyumba akufuna kupulumutsa ndalama. Tsono funso lathu nali: kodi pulani yosinthidwayo njayani? Zinthu zikaipa, ayankhe ndani?

Pa 17 July 1981, mu hotela ya Hyatt Regency mumzinda wa Kansas City ku America munali gule. Pamwamba pa ovinawo panali timilatho toyendapo anthu, tolendeŵera kudenga. Mwadzidzidzi tiŵiri mwa ito tidagwa, ndipo anthu 114 adafa, ena oposa 200 navulala. Pofufuza kudapezeka kuti pulani yoyamba idafuna kuti ndodo imodzi yaitali yachitsulo inyamule timilatho tonse tiŵiri. Kampani yosula zitsulo idaona kuti zimenezo nzovuta kupanga, ndipo idajambula ndodo ziŵiri zazifupi, kuti kamlatho ka m'munsi kalendeŵere pa ka m'mwamba. Taganizani anthu aŵiri ogwira chingwe chimodzi, yense ndi manja ake. Kenaka wachiŵiri ataya chingwe nagwira miyendo ya mnzake. Manja a woyamba uja tsopano asenza anthu aŵiri. Pulani yatsopanoyo idalandira chidindo cha ofesi ya mainjiniya popanda woŵerengeranso kulemera kwake. Mu 1986 mainjiniya aŵiri, Jack Gillum ndi Daniel Duncan, adalandidwa ziphaso zao.

Palibe amene adafuna kupha munthu. Osula zitsulo adayesa kuti mainjiniya aŵerengera. Mainjiniya adayesa kuti osula zitsulo aŵerengera kale. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo nzoona. Koma mitu ikachuluka pamabadwa ngozi ina, yakuti aliyense amafeŵetsa khosi poganiza kuti mnzake ndiye walimbikira. Denga lotere limagwa onse ali pomwepo.

Nchifukwa chake tiyenera kumvetsa tanthauzo la dzina limene katswiri amalemba pansi pa pulani. Dzinalo ndi lonjezo kwa anthu amene iye sadzaŵaona konse: ana, alendo, osesa, ongodutsa mumseu. Anthuŵa sangathe kuŵerenga pulani. Amaloŵa m'nyumba mokhulupirira kuti wina adaiyang'anitsitsa m'malo mwao. Lonjezo limeneli silidaperekedwe pa pepala la tsiku la mpikisano wa mitengo, koma pa nyumba imene idzaimadi. Motero pulani ikasintha, lonjezo liyenera kuperekedwanso mwatsopano, ndipo wolemba mapulani ali ndi udindo woona kuti aliyense pa ntchitopo ali ndi pepala latsopano, kuti lakale lachotsedwa, ndi kuti kusinthako kwapimidwa ndi woyenera kupima. Kudinda chidindo pa chimene sudaŵerenge ndi kuchita umboni pa mlandu umene sudauone. Paja kandimverere adakanena za m'maluŵa.

Wina angatsutse kuti: "Munthu mmodzi angathe bwanji kupenda mapepala zikwizikwi? Nanga kusinthako sadakuchite ndiye." Mau ameneŵa ali nako kulemera kwake, ndipo sitinena kuti katswiri akhale wosalakwa ngati mngelo. Koma pali nkhani ina imene itiwonetsa malire a chodzikanira chimenechi.

Mu 1977 ku New York kudatha kumangidwa nyumba ya Citicorp Center, ya nsanjika 59. Adaijambula ndi Hugh Stubbins, ndipo injiniya wake adali William LeMessurier. Pulani idati zitsulo zikuluzikulu zilumikizidwe moŵotcherera, koma pomanga, kampani ya Bethlehem Steel idapempha kuti zimangidwe ndi mabauti, poti ngotsika mtengo, ndipo ofesi ya LeMessurier idavomera. Mwini wakeyo adazimva mu 1978, nyumba ili kale yodzaza ndi anthu. Ataŵerengeranso mphamvu ya mphepo yoomba chapangodya, adaona kuti namondwe wamkulu angathe kuigwetsa. Akadatha kukhala chete. Koma adapita kwa Stubbins, ndipo aŵiriwo adakaulula kwa eni nyumba, ngakhale adadziŵa kuti mbiri yao ndi chuma chao zili pamoto. Amisiri adagwira ntchito usiku kwa miyezi ingapo, akuŵotcherera zitsulo zochindikala pa mfundo zoposa 200. Pali chimodzi chodandaulitsa, chakuti anthu wamba sadauzidwe zoona zake zonse kufikira mu 1995. Komabe nyumbayo ilipo mpaka lero.

Kusiyana kwa nkhani ziŵirizi sikuli pa nzeru kapena pa maphunziro. Konseko pulani idasinthidwa ndi manja a ena, ndipo konseko cholakwa chidadutsa mu ofesi osaoneka. Kusiyana kuli pakuti LeMessurier sadafunse kuti, "Adasintha ndani?" Iye adafunsa kuti, "Muli ndani m'nyumbamo?" Lamulo limafunafuna wolipira choipa chitachitika kale, chikumbumtima chimafunafuna woti apulumutsidwe choipa chisanafike.

Aŵerengi okondedwa, ambiri a ife sitidzajambulapo nyumba ya nsanjika. Koma tonse timasaina: mphunzitsi pa malikisi, namwino pa mankhwala, kalaliki pa ndalama, wa m'komiti pa mitengo ya simenti ya sukulu kapena chipatala. Pepala likabweranso kwa ife litasinthidwa pang'ono, wina natiuza kuti "n'lomwe lija, ingosainani", tikhale pansi ndi kuliŵerenga kuyambira pamwamba.