Mwana akakana bere: kodi machiritso amathera pati?

Pa zoyeza zonse zimene achipatala amachita pa mwana wonyentchera, pali kuyeza kumodzi kosafuna makina, magazi kapena magetsi. Mayi amasamba m'manja n'kukhala pamalo opanda phokoso, mwana ali pamiyendo. Namwino amabweretsa paketi ya chiponde ndi kapu ya madzi abwino. Mayi amang'amba pakona pa paketiyo, n'kufinyira pang'ono pamilomo ya mwana, ndipo onse amadikira. Palibe wololedwa kukakamiza. Mwana akanyambita, n'kumeza, n'kutambasula dzanja kufuna china, amaloledwa kukachirira kunyumba, azingobwera kudzatenga chiponde. Akatembenuza nkhope, kukamwa kuli kotseka, amatumizidwa kukagonekedwa ku chipinda cha ana onyentchera. Ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo ndi yomweyi, kaya pa Zomba Central Hospital kaya pa chipatala chaching'ono cha Matawale.

M'dziko limene agogo amasimbabe za njala ya 1949 ndipo makolo sanaiwale ya 2002, pano pokha ndi pamene anthu amapempherera kuti mwana amve njala.

Mankhwala a LA amagonjetsa malungo m'masiku atatu. Thanzi ORS amabwezeretsa madzi m'thupi la mwana wotsegula m'mimba, ndipo zinki womwa masiku 10 mpaka 14 amathandiza matumbo kuchira. Koma jakisoni wopatsa mwana mtima wofuna kudya kulibe. Thupi likazizira, achibale amauzana pafoni kuti: "Wachira, kwangotsala kuti ayambe kudya." Lamulungu lotsatira pamakhala umboni ndi nyimbo zoyamika. Pamene mpingo ukuimba, mayi ali pakhonde ku Chikanda kapena ku Mpondabwino, bere lili m'manja, mwana akulilavula. Funso limene alaliki ndi mashehe safunsa kawirikawiri ndi ili: ngati kuchira n'kochokera kwa Mulungu, kodi ntchito yake inatha tsiku limene thupi linazizira? Nanga masabata otsatirawo, a sipuni imodzi kulowa ina kutayika, ndi a ndani?

Mwana wodwala sakana chakudya chifukwa cha mwano. Thupi likamalimbana ndi matenda limatulutsa zinthu zimene zimatseka chilakolako cha chakudya, monga akulu omwe amadandaula kuti m'kamwa mukuwawa. Nthawi zina m'kamwa mwa khanda mumatuluka zoyera ndi tizilonda, kotero kuyamwa kumapweteka. Nthawi zina ndi mphuno chabe: khanda limapuma ndi mphuno poyamwa, ndiye ikatsekeka limagwira bere, kusiya, kulira, kugwiranso. Amayi a pamwamba pa phiri la Zomba amazidziwa bwino zimenezi. Kumeneko, pamene nsonga zina zimapitirira mamita 2,000, m'miyezi ya June ndi July nkhungu imakuta mitengo ya paini mpaka dzuwa litakwera, ndipo chimfine ndi chibayo sizichedwa kugwira ana.

Bere nalo lili ndi lamulo lake. Likamayamwidwa limapanga mkaka, likasiyidwa limauma. Mwana akakana masiku angapo mkaka umachepa, ndiye tsiku limene ayesanso n'kupeza wochepa amakwiya n'kusiya, mayi n'kunena kuti mkaka wathawa. N'chifukwa chake anamwino amalimbikira kuti: "Mayi, finyani, musalole liume." Mkaka wofinyawo amamwetsa ndi kapu yaing'ono, mwana atakhala chotsamira, kapu itangokhudza mlomo wam'munsi kuti azipsontha yekha, osati kumuthirira m'kamwa.

Kwa khanda losakwana miyezi 6 limene lafooka kwambiri, chiponde sichiloledwa. Pali njira ina yochititsa chidwi kuiona. Amatenga kachubu kopyapyala, mbali imodzi n'kuimata pabere kuti ithere pansonga, inayo n'kuiviika m'kapu ya mkaka wa chipatala. Khanda likayamwa, ngakhale mofooka, limapeza mkaka wa m'kapu, ndipo kuyamwa komweko kumadzutsa bere. Likamapeza mphamvu kapu amaitsitsa pang'onopang'ono kuti lizikoka kwambiri, ndipo mkaka wa m'kapu amauchepetsa mpaka tsiku limene kachubu kachotsedwa, mayi n'kutsala yekha ndi mwana wake. Zomba ili ndi mbiri pa chisamaliro cha mtundu uwu: mu 1999 chipatala chachikulu cha mumzindawu chinatsegula chipinda cha kangaru, mmene mwana wobadwa masiku asanakwane amagonekedwa pachifuwa cha mayi, khungu kukhudzana ndi khungu. Njirayi inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978. Kufunda komweko ndi kumene amalangiza mayi wa khanda lokana bere: aligoneke pachifuwa nthawi yaitali, bere lili pafupi, osalikankhira.

Mabuku oyera sali chete pa nkhaniyi, kungoti timawawerenga mothamanga. Pa Maliko 5, Yesu aukitsa mwana wamkazi wa Yairo, wa zaka 12. Ulaliki wambiri umathera pamene mtsikanayo anadzuka n'kuyenda, chifukwa m'pamene mpingo umaombera m'manja. Koma nkhaniyo ili ndi chiganizo china chotsiriza: Yesu anauza makolowo kuti amupatse chakudya. Luka nayenso, pa mutu 8, sanasiye mfundo imeneyi. Amene anali ndi mphamvu yobweza moyo akanatha kudzazanso mimba, koma mbali imeneyo anaisiya m'manja mwa bambo ndi mayi. Palibe chifukwa choganizira kuti inali mbali yonyozeka. Mtsikanayo akanapanda kudya, chozizwitsacho chikanakhala cha masiku owerengeka.

Pa 1 Mafumu 19, Eliya wathawa Yezebeli, wagona m'chipululu ndipo akupempha imfa. Mngelo sakumudzudzula. Akumudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, Eliya akudya n'kugonanso, mngelo akubweranso kachiwiri ndi uthenga womwewo. Mayi aliyense amene anachezera usiku ndi mwana wochira kumene akudziwa ulendo wachiwiri umenewu.

Asilamu, amene aliponso ambiri m'boma la Zomba, ali ndi chiphunzitso chomveka kwambiri. Qur'an, pa Surah Al-Baqarah ndime 233, imatchula zaka ziwiri zathunthu zoyamwitsa, ndipo imaika pa bambo udindo wodyetsa ndi kuveka mayi woyamwitsayo. Zaka ziwirizo n'zimene bungwe la WHO limalimbikitsanso lero. Mayi woyamwitsa amene akuopa kuti kusala kungavulaze mwana amaloledwa kumasula m'mwezi wa Ramadhan. Ndipo aliyense wopita ku Hajj amayenda kasanu n'kawiri pakati pa timapiri ta Safa ndi Marwa, kukumbukira Hajara amene anathamangathamanga kufunira madzi khanda lake Ismail. Kuvutikira mwana waludzu kunasanduka mbali ya mapemphero.

Chovuta pa ntchito imeneyi n'chakuti mayi alibe ulamuliro pa mapeto ake. Angathe kuphika, kufinya, kunyengerera, koma kumeza ndi kwa mwana. Kusowa mphamvu kumeneku n'kowawa, ndipo anthu amakuthawa m'njira zosiyanasiyana.

Njira yofala kwambiri ndi kukakamiza. Agogo kapena azakhali amati: "Bwera naye kuno, iwe ukumulekerera." Mwana amamugoneka chagada pamiyendo, manja atapanidwa, mphuno atatsina, phala lamadzi n'kumathira pamene watsegula kukamwa kuti apume. Amachita zimenezi chifukwa cha chikondi, ndipo palibe angatsutse kuti m'mimba mumalowa kenakake. Koma phala lina limatha kulowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo, ndipo mwana amaphunzira kuti sipuni ndi mdani. Ngakhale mwana wonyentchera kwambiri achipatala samuyamba ndi chakudya chambiri. Amayamba ndi mkaka wopepuka wa F-75, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu aliwonse, usana ndi usiku, chifukwa thupi lofooka likalandira zambiri mwadzidzidzi mtima ukhoza kulephera. Wosatha kumeza amamuikira kachubu ka m'mphuno, ndipo imeneyo ndi ntchito ya namwino. Apa chikondi chofulumira chimatha kupha.

Ena amangoti: "Tasiyira Mulungu, akafuna adya." Mawuwo amamveka ngati chikhulupiriro, koma Yairo sanauzidwe zimenezo.

Palinso kufufuza wolakwa. Mwana akamatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi likufiira, akulu ena amati ndi tsempho: bambo wayenda njira zam'mbali, kapena makolo akhalira malo amodzi mwambo wotenga mwana usanachitike. Mayi akapezeka ndi pakati ena amati mkaka waipa, mwana achotsedwe kubere lero lomwe. Sibwino kuseka chikhulupiriro chimenechi, chifukwa chinali ndi nzeru yake. Chinkauza mwamuna kuti moyo wa khanda ukumukhudza, ndipo chinkathandiza kuti ana asabadwe motsatizana kwambiri. Koma kutupako kumabwera chifukwa cha kuperewera kwa zakudya m'thupi, ndipo mkaka wa mayi woyembekezera suipa. Liwombo lolowa m'kati nalo ndi chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi, ndipo chofunika ndi bere ndi Thanzi, osati mankhwala opaka pamutu. Masiku amene banja likukhala pabwalo kuti lipeze amene anasempha mwana ndi masiku amene mwanayo sakudya. Mwana wolephereratu kuyamwa kapena kumwa, wosanza chilichonse, wokomoka kapena wongogona osadzuka, ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimene chatsala, tikachotsa njira zonsezi, ndi ntchito yosaoneka bwino pamaso pa anthu: kupereka, kukanidwa, kudikira pang'ono, kuperekanso. Ndipo m'pofunika kunena mosabisa kuti nthawi zina mayi amachita zonse molondola koma mwana n'kumwalira. Mlaliki amene amalonjeza kuti wokhulupirira mokwanira sataya mwana amasenzetsa mayi wolira mlandu umene alibe. Mayi amene akuperekanso bere kachikhumi sakudziwa mmene zithere, ndipo akupereka ndithu. Ngati chikhulupiriro chili ndi tanthauzo m'chipinda cha ana odwala, chili pamenepo koposa pa mawu ofuula.

Malawi ali ndi gawo lalikulu pa mbiri ya kukhulupirira mayi pa ntchitoyi. Chiponde chinapangidwa koyamba ku France mu 1996 ndi André Briend pamodzi ndi Michel Lescanne, koma kuno, kuyambira cha mu 2001, dokotala Mark Manary ndi anzake a ku Blantyre anaonetsa kuti ana ambiri onyentchera amachira bwino akamadyetsedwa ndi amayi awo kunyumba. Ndiye kuti achipatala nawonso anafika pa mfundo ya m'nyumba ya Yairo: gawo lomaliza la machiritso lili m'manja mwa makolo.

Koma manja amenewo amafuna pogwira. Alangizi a zaumoyo amanena kuti mwana wopitirira miyezi 6 akachira aziyamwa pafupipafupi ndipo azilandira chakudya chimodzi choonjezera tsiku lililonse kwa masabata awiri, kuti abweze thupi limene linatayika. Akapanda kubweza, matenda otsatira amamupeza ali wotsika kale, ndipo umu ndi mmene kupinimbira kumayambira. Kafukufuku wa boma wa 2015–16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Chakudya choonjezeracho n'chosavuta kuchitchula: phala lothira nsinjiro, dzira, nthochi yokanya, matemba a ku Chilwa osinja. Kuchipeza n'kwina, makamaka pambuyo pa namondwe Freddy wa mu March 2023 ndi chilala cha 2024, pamene maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi. Palinso nthawi. Mayi wogulitsa sitiroberi pafupi ndi Ku Chawe kapena damu la Mulunguzi, kapena wotsika ndi mtolo wa nkhuni kupita kutauni, sangakhale pansi maola awiri aliwonse kunyengerera mwana popanda kutaya ndalama ya ndiwo ya tsikulo.

Apa m'pamene mipingo ndi mizikiti ya Zomba iyenera kudzifunsa. Kuyendera odwala m'chipatala ikuchita bwino ndithu: amayi a Mvano, a Dorika, Amayi Akatolika ndi magulu a amayi achisilamu sasowa pa nthawi yoona odwala. Koma mwana akatulutsidwa maulendo amatha, chifukwa aliyense wamva kuti wachira. Sabata yachiwiri ndiyo imafuna mlendo wobwera ndi kathumba ka Likuni Phala kapena mtedza, mnansi wokatunga madzi ndi kuchapa matewera, mlamu woima pa benchi ya malonda m'malo mwa mayi. Bambo nayenso angathe kugwira kapu ndi sipuni usiku kuti amake mwana agoneko, ndipo tsiku la sikelo angathe kupita nawo kukaona yekha ngati mzere wa m'buku la mwana wayambanso kukwera.