Kuthimitsa firiji usiku: kusamala kapena kuba?

Munthu akamathimitsa firiji usiku kuti mayunitsi akhalitse, timutche wosamala kapena tim'patse dzina lina? Funsoli landizunguza kuyambira pamene mamita olipiriratu anafika m'magolosale a kuno kunsi kwa phiri la Chambe, kuchokera pa Likhubula mpaka pa Chitakale. Kale bilu inkabwera pakutha pa mwezi, munthu n'kudandaula kamodzi. Lero manambala amatsika iwe ukuona, ndiye diso limagwera pa chinthu chimene chimalira usiku wonse.

Mayi wina wogulitsa thobwa ndi zakumwa kwathu kuno anagula firiji yogona yakale, ija yotsegula pamwamba. Mmisiri anamuikira thermostat yoti makina aziima kuzizira kukafika pa madigiri 4, m'malo mothamangira ku 18 kunsi kwa ziro. Nzeru yake ndi yapafupi. Mpweya wozizira ngolemera: mukatsegula firiji yoimirira umakhuthukira kumapazi, pomwe mu yogona umakhala phee ngati madzi m'ndowa. Mayiyu anaichotsa padzuwa, n'kuitalikitsa ndi khoma. Labala wa chivundikiro amamuyesa popanikiza pepala; likasololoka mosavuta, labalayo watha. Malo otsala amadzaza mabotolo a madzi osunga kuzizira magetsi akazima. Apa ndichenjezeko ofunditsa firiji bulangete: zambiri zogonazi zimatulutsira kutentha m'mbali, mukazifunditsa mwaziwonjezera ntchito.

Zonsezi walipira ndi iye mwini, ndi thukuta lake ndi ndalama ya mmisiri. Palibe walira.

Tsono pali anzathu ena osunga nkhuku, masoseji ndi karapau. Akatseka golosale amadula magetsi, m'mawa n'kuyatsanso. Nyama imasungunuka pamwamba, kenaka n'kuumanso. Pajatu kuzizira sikupha tizilombo, kumangotigoneka. Kukafunda timadzuka n'kuswana. Wogula amapeza nsomba ili gwaa ngati mwala, osadziwa kuti yagona bwanji. Mayunitsi apulumuka inde, koma akalipira ndi mwana wotsegula m'mimba, ndi mayi ake ofuna ya kabaza kupita kuchipatala pa boma.

Nditamufunsa mmodzi wa iwo anandiyankha mosapsatira: "Achimwene, nanga magetsi akazima okha mumakafunsa ndani?" Mawu ake ndi olemera. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Mafiriji ankakhala maola ambiri ali zii. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kaphindu ka golosale kanaphweranso. Sindingamunene kuti ndi mfiti munthu amene akuwerengera tambala iliyonse.

Komabe ndikukana. Magetsi akazima dera lonse, wogula amadziwa, amanunkhiza nsomba kaye, mwinanso kuisiya. Switchi yothimitsidwa mseri imamulanda mwayi umenewo. Akugula nsomba pamodzi ndi chikhulupiriro choti yagona pozizira, ndipo chachiwirichi wapereka ndalama koma sanalandire. Chomvetsa chisoni n'chakuti phindu lake silifika pomwe amaganizira, poti m'mawa kompuresa imalira nthawi yaitali kubweza kuzizira kunathawa kuja.

Amene mayunitsi akumukanika athimitse ndithu, koma ayambe wachotsamo nyama, atsale ndi Fanta ndi thobwa. Thobwa likasasa wogula amadziwira pomwepo akangolawa, ndipo botolo amabweza asanachoke pakhonde.