Ulemu Kapena Kupembedza? Nyumba ya Tagore ku Kolkata

Wolowa m'zipinda za Jorasanko Thakur Bari, chinyumba chofiira cha kumpoto kwa mzinda wa Kolkata, amayamba wavula nsapato. Mlakatuli Rabindranath Tagore anabadwira m'nyumbayi pa 7 Meyi 1861, n'kudzamwalirira momwemo pa 7 Ogasiti 1941. Lero ndi malo osungirako mbiri, ndipo ikusamalidwa ndi yunivesite ya Rabindra Bharati. Ku India anthu amavula nsapato pakhomo la mnzawo, amavulanso pakachisi. Nanga apa amavulira mwini nyumba kapena woyera mtima?

Funsoli limakula tikakumbukira bambo ake a mlakatuliyu. Debendranath Tagore anali mtsogoleri wa Brahmo Samaj, gulu lophunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi ndipo sangasemedwe. Mwanayo anayamwira chiphunzitso chimenechi. Komatu chaka ndi chaka, pa 25 mwezi wa Boishakh pa kalendala ya kumeneko, tsiku lake lobadwa, namtindi wa anthu umadzaza bwalo la nyumbayi, kuimba nyimbo zake ndi kuveka zithunzi zake nkhata zamaluwa. Tsiku la maliro ake zinafika poti ena ankazula tsitsi la mtembo kuti akasunge.

Kuwanyoza anthuwa n'kulakwa. Munthu ali ndi maso ndi manja, ndipo akaferedwa amafuna pogwira. Choopsa chili pena: mlakatuli akasanduka fano, anthu amamugwadira n'kusiya kumuwerenga, osamutsutsanso n'komwe, chonsecho iye ankatsutsa poyera tsankho la mitundu ndi kukonda dziko mopyola muyeso.

Mwamwayi, nyumbayi siimubisa umunthu wake. Muli khitchini ya mkazi wake, Mrinalini Devi, amene anamwalira mu 1902 n'kumusiyira ana asanu. Pabwalo pali galimoto ya Tagore ya mtundu wa Humber. Muli chipinda chimene anatsirizikira, patapita sabata imodzi madokotala atamuchita opaleshoni m'nyumba momwemo. Ndi m'nyumba muno mmene wantchito wina, pofuna kuti kamwana Rabindranath kasamuvutitse, ankakajambulira mzere wozungulira ndi choko n'kukaopseza kuti kasayerekeze kudumpha. Kankangokhala pazenera tsiku lonse, kuyang'ana dziwe ndi mtengo waukulu wa banyan. Tagore yemwe anafotokoza zimenezi m'buku la zokumbukira za moyo wake.

Mwana wotsekeredwa uja, amenenso sukulu inkamuwawa, ndiye anadzatsegula sukulu ku Santiniketan mu 1901, kumene ana ankaphunzirira panja, pansi pa mitengo.