Dimba ndi la Yani?

Mvula ikatha m'mwezi wa Epulo, mwera nuyamba kuwomba, anthu a m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota amatembenukira ku madimba. Masiku amenewo nyanja imawinduka, mabwato amakhala pamchenga, usipa umasowa, ndipo ndiwo za pakhomo zimachokera ku dambo. M'mbali mwa mitsinje ya Bua, Kaombe ndi Dwangwa, ndiponso mozungulira Chia, muli nthaka yakuda imene imasunga chinyontho nthawi yonse ya chilimwe. Nthaka yotere ndi yochepa, koma oifuna ndi ambiri. Chifukwa chake ena amalima pa malo obwereka, ndipo pamenepo pabadwa funso lovuta. Munthu akatenga thengo la mwini nalisandutsa dimba, kodi dimbalo ndi la yani?

Ntchito ya Chaka Choyamba

Wofuna dimba apita kwa mwini malo kapena kwa nyakwawa kukapempha. Akamlozera malire, ntchito iyamba. Atema bango ndi chikwanje, nazula mizu yake ndi khasu, pakuti bango losiyidwa muzu silichedwa kuphukanso. Akumba chitsime. Pa dambo madzi sakhala patali, koma chitsime chatsopano chimagumuka, ndipo chifuna kufukulidwa kawirikawiri. Aunda mabedi, asenza manyowa a mbuzi ndi a nkhuku, afesa mbewu pa nazale, naphimbapo udzu kuti dzuwa lingaziotche. Patapita masabata anayi kapena asanu ndi limodzi awokera matimati, anyezi ndi mpiru. Kuyambira tsiku limenelo athirira m'mawa ndi madzulo, angakhale kuli maliro kapena ukwati. Amanga mpanda chifukwa cha mbuzi. Kumene kuli mvuu agona m'chisakasa nasonkha moto, pakuti mvuu imodzi ikhoza kutha ntchito ya miyezi itatu usiku umodzi.

Chaka choyamba phindu limakhala lochepa, chifukwa nthaka ikali yolimba ndipo udzu ukali ndi mphamvu. Chaka chachitatu nthaka yafewa, manyowa alowerera, chitsime chakhazikika, ndipo ogula ndiwo adziwa njira ya ku dimbalo. Kawirikawiri ndi chaka chomwecho pamene mwini malo afika nati, "Mphwanga wakwatira, ndifuna malo anga."

Mawu a Wolima

Wolima ali ndi chonena. Iye anapeza bango, njoka ndi udzudzu. Chimene mwini malo akuchifuna tsopano ndi dimba, ndipo dimba kunalibe kufikira iye anabwera ndi khasu. Thukuta lake lalowa m'nthaka, ndipo sangathe kulifukula kuti apite nalo kwawo.

Maganizo awa ndi akale, ndipo sali a kuno kokha. M'chaka cha 1689 Mngelezi wina wanzeru, John Locke, anatulutsa buku lake lonena za boma. M'menemo anaphunzitsa kuti ntchito ya manja a munthu ndi yake, ndipo kuti akaiphatikiza ndi nthaka imene inalibe mwini, nthakayo isanduka yake. Koma anaikapo malire akuti patsale malo okwanira ena, abwino chimodzimodzi.

Mbiri ya Nkhotakota ionetsa kuipa kwa kumana wolima zipatso za ntchito yake. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika pa doko lino, ndipo m'nthawi ya a Jumbe ulimi wa mpunga unakula m'madambo. Ena mwa olima mpungawo anali akapolo. Iwo analima, ena nadya. David Livingstone anafika kuno mu 1861 ndi mu 1863 naona malonda a anthu ndi maso ake, koma ulamuliro wa a Jumbe unatha m'zaka za m'ma 1890. Mwini malo wolanda dimba matimati ali pafupi kupsa sali Jumbe ayi, komabe wagawana naye tchimo limodzi, ndilo kudya thukuta la mnzake.

Mawu a Mwini Malo

Mwini malo nayenso ali ndi chonena, ndipo nkosayenera kumweruza asanamveke. Malo a dambo sanali opanda mwini monga aja anawatchula Locke. Mwa Achewa nthaka ndi ya mbumba. Woiyang'anira anailandira kwa amalume ake kapena kwa amayi ake, ndipo adzafunsidwa ndi adzukulu ake kumene anaitaya. Ngakhale mkamwini wolima zaka makumi awiri pamudzi wa mkazi wake adziwa kuti munda ndi wa ana ndi mayi wawo.

Palinso chifukwa china cholemera. Mwini malo anabwereketsa mwa chifundo, pokumbukira kuti kupatsa nkuika. Tsono ngati mudzi uweruza kuti yense wolima malo obwereka asanduka mwini wake, ndani adzabwereketsanso? Aliyense adzasunga bango lake, ndipo mkazi wamasiye, mlendo, ndi mnyamata wongokwatira adzasowa pobzala mpiru. Chiweruzo chokomera wobwereka mmodzi chingatseke khomo kwa obwereka makumi khumi. Nchifukwa chake makolo analetsa wobwereka kubzala mango kapena mitengo ina yokhalitsa, pakuti mtengo umalankhula ngati mboni pamlandu.

Zinthu Zitatu

Anthu awiriwa amalephera kumvana chifukwa ayesa kuti dimba ndi chinthu chimodzi. Koma m'dimba muli zinthu zitatu. Choyamba ndi nthaka, ndipo nthaka ndi ya mbumba imene inailandira. Chachiwiri ndi mbewu zimene zili m'mabedi, ndipo zimenezo ndi za wolima popanda wotsutsa. Chachitatu ndi ntchito imene yatsalira m'nthaka: mizu yozulidwa, manyowa, chitsime ndi mpanda. Mlandu wonse uli pa chachitatuchi. Wolima sangachisenze, ndipo mwini malo sanachigwirire ntchito. Akachitenga osanena kanthu, watenga ngongole imene sanaivomere.

Ku England, kumene makhonsolo a mizinda amabwereketsa timinda ta ndiwo kwa anthu opanda malo, anapeza vuto lomweli. Lamulo la 1922 linanena kuti wochotsedwa pa kamunda kake alipidwe chifukwa cha mbewu zimene zili m'nthaka ndi manyowa amene anathira. Lamulo la 1950 linawonjeza kuti achenjezedwe miyezi khumi ndi iwiri asanachoke. Malamulo amenewa sanapatse wolima nthaka, komanso sanalole kuti achoke chimanjamanja.

Kuno kwathu ku Malawi, m'zaka za m'ma 1970, boma linatsegula sikimu ya mpunga pa Bua nagawira alimi timinda tothirira. Pa masikimu otere mlimi anali kusunga kamunda kake malinga ngati akukalima. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la malo a mafumu, lolola banja kulembetsa malo ake, ndipo linaika makomiti a malo m'midzi momwe muli amayi osachepera atatu. Kalata yotere imathandiza kudziwa mwini nthaka. Koma za thukuta la wobwereka, chiweruzo choyamba chikali m'mtima wa mwini malo ndi pa bwalo la mfumu.

Kodi Wobwereka Asamale Malo a Mwini?

Patsala funso lina. Wobwereka wanzeru za dziko anganene mumtima mwake, "Popeza ndidzachoka, ndithirirenji manyowa? Ndidye nthakayi kufikira itaguga." Ena pochotsedwa amakwirira chitsime nagwetsa mpanda, kuti wobwera pambuyo ayambe ndi thengo monga anayambira iwo.

Munthu wotere wadzilanga yekha. Nthaka yopanda manyowa ipatsa mpiru wachikasu chaka chomwecho, iye akali pomwepo, ndipo ana ake ndiwo adzadya. Mbiri yake idzamtsogolera ku dambo lina, kumene sadzapatsidwa malo. Koposa izi, chitsime chokwiriridwa sichipweteka mwini malo kwenikweni. Chipweteka mnyamata wongokwatira uja, amene sanalakwe kanthu.

Nyanja nayo ili ndi phunziro kwa onse awiri. Kuyambira 1915 kufikira 1935 madzi a m'nyanja anali otsika kotero kuti mtsinje wa Shire unaleka kuyenda bwino, ndipo anthu analima pamene kale panali madzi. Kenaka nyanja inakwera nitenganso malo ake. Mu 1980 inadzaza koposa, ndipo mu 2024 inakweranso nimiza minda ndi nyumba za m'mphepete. M'mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho madzi osefukira anasamutsa mabanja ambiri cha ku Dwangwa. Akulu amati madzi saiwala khwawa. Amene dzulo anali mwini dambo, lero akhoza kuima pakhomo la mnzake wa kumtunda, chipewa m'manja, napempha pobzala mbatata. Tsiku limenelo adzafuna kuti amchitire monga iye anachitira wobwereka wake.

Njira ya Chilungamo

Tsono dimba lobwereka liyambe ndi mawu omveka. Awiriwo apite kwa nyakwawa pamodzi ndi mboni, napangane zaka zimene wolima adzakhalapo, zimene aloledwa kubzala, ndi chimene adzapereka pothokoza. Amene aphunzira kulemba alembe panganolo pa pepala, aliyense asunge lake, pakuti mlandu suwola ndipo mboni zimafa.

Mwini malo akafuna malo ake, anene nyengo yathunthu isanathe, ndipo asaponde m'dimba mbewu zili m'mabedi. Avomere pamaso pa anthu kuti alandira malo abwino koposa amene anapereka. Abwezere wolimayo kanthu pa chitsime ndi manyowa, kapena amlole kulima chaka china chimodzi, kapena amlozere malo ena.

Wobwereka alime ngati malowo ndi ake, koma asaiwale kuti ndi a mwini. Asabzale mtengo osapempha, asasunthe malire usiku, ndipo matimati oyamba akapsa apereke mbale imodzi kwa womubwereka. Tsiku lochoka likafika, asiye chitsime chofukula bwino ndi mpanda uli chiimire. Akatero adzatuluka m'dimba ndi khasu lake, mbewu zake, ndi dzina labwino limene lidzampezera dimba lina.