Kodi Kudziŵiratu Chilala Kumatipatsa Thayo Lotani?

AMBIRI okhala mu Epworth, tauni ya anthu oposa 200,000 pafupi ndi Harare, Zimbabwe, sanaionepo nyanja yamchere. Ena a iwo ali ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Malaŵi ndi Mozambique kudzafuna ntchito. Mabanja ochuluka amatunga madzi m'zitsime zokumba pakhomo ndi pamijigo. Komabe, kuchuluka kwa madzi m'zitsimezo, limodzinso ndi mtengo wa ufa, zimayambukiridwa ndi zimene zikuchitika m'nyanja yakutali ya Pacific. Kodi zimenezi zimatheka motani?

Kuŵerengera Mayendedwe a Nyanja

Madzi a m'nyanja samangokhala bata. Amadzaza ndi kuphwa chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuŵa, ndipo dongosolo limeneli nlodalirika kwambiri kwakuti kompyuta ingatchule ola limene madzi adzakwera padoko la Beira chaka chamaŵa. Palinso mitsinje yaikulu ya madzi ofunda ndi ozizira yoyenda mkati mwa nyanja momwemo. Kuti aitsatire, asayansi amagaŵa nyanja pakompyuta m'zigawo zazing'ono zikwi zambiri, naloŵetsamo miyeso ya kutentha, mchere, ndi mphepo. Ndiyeno makinawo amaŵerengera mmene chigawo chilichonse chidzasinthira chinzake.

Mu 1986, Mark Cane ndi Stephen Zebiak a ku United States anagwiritsira ntchito njira yotero kuneneratu El Niño, kufunda kwa madzi a kummaŵa kwa Pacific kumene kaŵirikaŵiri kumachepetsa mvula kummwera kwa Afirika. Mu 1994, chitapita chilala choopsa cha 1991-92, Cane ndi anzake anasonyeza kuti zokolola za chimanga za Zimbabwe zimakwera ndi kutsika mogwirizana kwambiri ndi kutentha kwa madzi amenewo. Chotero, chilala chingaonedwe chikali kutali ndi miyezi ingapo.

Kodi Chenjezolo Limathandiza Yani?

Zinaterodi mu 2023. El Niño analengezedwa nyengo yodzala isanafike, mvula inavuta, ndipo pofika April 2024 maboma a Zambia, Malaŵi, ndi Zimbabwe anali atalengeza kuti maiko awo ali patsoka. Koma talingalirani za mkazi wamasiye wa mu Epworth amene amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Iye angamve chenjezo pawailesi mofanana ndi wina aliyense. Komabe alibe nkhokwe, ndipo ndalama za tsikulo zimathera pachakudya cha tsiku lomwelo. Chenjezo limafika kwa onse, koma si onse amene angachitepo kanthu. Pamenepo, kodi thayo lili pa yani?

Baibulo limasimba kuti m'zaka za zana loyamba, mneneri Agabo ananeneratu ku Antiokeya za njala yaikulu, imene inadza m'masiku a Klaudiyo. Ophunzira a kumeneko sanangodzikundikira chakudya. Mmalomwake, yense monga mwa kukhoza kwake anapatula kanthu kotumiza kwa abale a ku Yudeya. (Machitidwe 11:27-30) Iwo anazindikira kuti wodziŵiratu amene ali ndi kanthu m'manja ali ndi mangaŵa kwa wopanda kanthu.

Bwanji Ngati Makompyuta Aphonya?

Ndithudi, kuŵerengera kwa anthu sikuli ulosi wouziridwa. Mu 1997, El Niño wamphamvu anachititsa ambiri m'Zimbabwe kuyembekezera chilala chachikulu, ndipo alimi ena anachepetsa minda yawo, koma mvula inagwa yoposa imene anaopera. Zimenezi ziyenera kutiphunzitsa kudzichepetsa, pakuti Mlengi yekha ndiye amadziŵa nyanja kotheratu. (Yobu 38:8-11, 16) Komabe, kodi ndicho chifukwa chonyalanyazira machenjezo? Kutalitali! Munthu amene wasunga thumba la chimanga kaamba ka mnansi wake sataya kanthu ngati mvula yagwa bwino. Koma amene wagula matumba ambiri kuti adzagulitse pamtengo wokwera njala itafika wasandutsa chidziŵitso kukhala msampha.​—Miyambo 11:26.

Chotero pamene mumvanso kuti madzi a Pacific ayamba kufunda, dzifunseni kuti: Kodi ndani mumpingo mwathu kapena pamzere wa nyumba zathu amene sangathe kukonzekera? Kodi chitsime changa chidzakhala chotseguka kwa iye pamene chake chauma? Makompyuta angatiuze za nyanja, koma mayankho a mafunso ameneŵa ali mumtima mwa yense wa ife.